Funso la nambala 9 palokha silokwanira

Pali fomu ina imene yafala m'zipatala padziko lonse, ndipo kuno kwathu yayamba kuoneka m'makiliniki ena a ma ARV ndi a matenda a shuga. Dzina lake ndi PHQ-9, ndipo ntchito yake ndi kuyeza matenda ovutika maganizo. Ili ndi mafunso 9, onse ofunsa za masabata awiri apitawa: ngati munthu akugona bwino, ngati chakudya chikulowa, ngati akutopa msanga, ngati zimene ankasangalala nazo kale zikumusangalatsabe. Yankho lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 3, ndipo onse akaphatikizidwa amatha kufika 27. Mafunso 8 oyambirira namwino amawafunsa mosavuta. Lomaliza ndi limene limalemera pakamwa, chifukwa limafunsa ngati munthuyo wakhala akuganiza kuti bola atangofa, kapena zodzivulaza mwa njira ina.

Fomuyi anailemba ndi akatswiri atatu a ku America, Kurt Kroenke, Robert Spitzer ndi Janet Williams, ndipo kafukufuku wotsimikizira kuti imagwira ntchito anatuluka mu 2001. Ndi yaulere, ndi yaifupi, ndipo ya Chichewa ilipo: Michael Udedi ndi anzake anaiyesa pa odwala shuga m'zipatala za m'Malawi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2019. Chimene chikundidetsa nkhawa si fomuyo ayi, koma katundu amene tasenzetsa funso lomalizalo. M'malo ambiri, mnyamata kapena mtsikana wa zaka 15 akabwera ndi matenda ovutika maganizo, funso limodzi limenelo ndi lokhalo lokhudza kudzipha limene adzalimve. Akayankha kuti ayi, nkhani yatha. Akayankha kuti eya, aliyense m'chipindamo amachita mantha ngati kuti maliro achitika kale. Njira zonse ziwirizi n'zolakwika. Achinyamatawa tiziwafunsa, mosazungulira komanso kangapo, ndipo zimene ayankha tizizilemba bwinobwino. Koma nambala imene yatuluka pa fomu tisaipatse mphamvu yosankha mwana woti athandizidwe ndi woti abwerere kunyumba chimanjamanja.

Kuti nkhaniyi ndi yaikulu palibe angatsutse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 720,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo pakati pa a zaka 15 mpaka 29 kudzipha kuli pa nambala 3 pa zinthu zimene zikutenga miyoyo. Kuno kwathu, Maria Kim ndi anzake a ku chipatala cha ana cha Baylor ku Lilongwe anafunsa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo mu 2014 anaulutsa kuti 18.9 pa 100 aliwonse anali ndi matenda ovutika maganizo. Amenewo ndi ana amene amabwera kale kuchipatala pafupipafupi. Mwayi wowafunsa ulipo.

Makolo ambiri, ndi anamwino ena omwe, amati kufunsa mwana za kudzipha n'kumupatsa nzeru imene analibe. Mantha amenewa sindiwaseka, chifukwa amachokera m'chikondi. Kungoti anayesedwa kale ndipo sanapezeke oona. Madelyn Gould wa ku Columbia University anatenga ophunzira 2,342 m'sukulu 6 za sekondale m'chigawo cha New York n'kuwagawa pawiri mwa maere. Gulu lina linafunsidwa za kudzipha, lina ayi. Patapita masiku awiri onse anafunsidwanso, ndipo amene anamva mafunsowo sanapezeke ovutika mumtima kuposa anzawo, sanayambenso kuganiza zodzipha kuposa anzawo. Amene anali kale ndi matenda ovutika maganizo anaoneka ngati mtima wawo wakhalako pansi atafunsidwa. Zimenezi zinatuluka mu 2005 m'magazini ya madokotala ya JAMA, ndipo akatswiri a ku King's College London atasonkhanitsa kafukufuku wina wambiri mu 2014 anapeza zomwezo. Mwana amene ali ndi maganizo amenewa amakhala nawo kale asanalowe m'chipinda cha dokotala. Chimene amasowa ndi munthu wamkulu woti amve osanjenjemera.

Ndiye n'chifukwa chiyani pafunike fomu ndi mapointi, osangocheza naye mwanayo basi? Yankho lili mu mbiri ina yochititsa manyazi. Mu 2001 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa Study 329, amene anayesa mankhwala a paroxetine pa achinyamata 275 ovutika maganizo. Olemba anati mankhwalawo ndi othandiza ndipo savutitsa kwenikweni. Mu 2015 akatswiri ena anatsegulanso mafayilo omwewo, n'kulemba m'magazini ya madokotala ya BMJ kuti mankhwalawo sanapose mapiritsi opanda mankhwala, komanso kuti ana oganiza kapena kuyesa kudzipha anali ambiri kuposa amene ananenedwa poyamba. Ena mwa iwo anali atangolembedwa kuti anali osinthasintha mtima. Pamene palibe njira imodzi yogwirizana yolembera zinthu, aliyense amalemba zomukomera, ndipo amene ali ndi malonda amadziwa zomukomera.

Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA litafuna kudziwa zoona zake, linapeza malipoti a makampani ali chipwirikiti. Zinthu zazing'ono zinalembedwa ngati kuyesa kudzipha, pamene zoopsa zina zinabisika m'mawu ofewa. Linapempha akatswiri a ku Columbia, motsogozedwa ndi Kelly Posner, kuti asanthulenso lipoti lililonse. FDA itasonkhanitsa kafukufuku 24 wokhudza ana oposa 4,400, inapeza kuti 4 pa 100 aliwonse amene ankamwa mankhwala a matendawa anali ndi maganizo kapena zochita zofuna kudzipha, pamene mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala anali 2 pa 100. Palibe mwana anamwalira mu kafukufukuyo, komabe mu 2004 FDA inalamula kuti pa mankhwalawo pazikhala chenjezo lalikulu, ndipo mu 2007 chenjezolo linafika mpaka kwa a zaka 24. Madokotala akukanganabe ngati chenjezolo linathandiza kapena linangoopseza makolo n'kusiyitsa ana mankhwala owafunikira. Koma kusiyana kwa 4 ndi 2 sikukanaoneka pakanapanda anthu owerenga mosamala.

Gulu la Posner lomwelo linapanga mndandanda wa mafunso wotchedwa C-SSRS, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi achinyamata ndingamulimbikitse kuuwerenga ngakhale asakaugwiritse ntchito, chifukwa umaphunzitsa kamvedwe. Umasiyanitsa masitepe 5. Pali mwana amene amalakalaka atagona osadzukanso. Pali amene waganizapo zodzipha koma osaganizira njira. Pali amene waganizira njira koma alibe cholinga choti achitedi. Pali amene cholinga ali nacho koma sanakonze zonse. Ndiye pali amene wakonza ndipo akufuna kuchita. Umafunsanso kuti maganizowo amabwera kangati, amatenga nthawi yaitali bwanji, mwanayo amatha kuwathamangitsa kapena ayi, ndipo chikumuletsa n'chiyani, kaya ndi amayi ake, mng'ono wake, kapena kuopa Mulungu. Kenako umafunsa za zimene anachitapo kale: anayesapo, anayamba n'kuleka yekha, wina anamupezerera, kapena anayamba kusonkhanitsa zinthu ndi kutsanzika anzake.

Tsono tayang'ananinso funso la nambala 9. Ana onse asanu aja angayankhe kuti eya, n'kulandira mapointi ofanana. Mtsikana amene watopa ndi moyo koma sanaganizepo zochita kanthu, ndi mnyamata amene wasankha kale tsiku, pa fomu angaoneke ngati munthu mmodzi. Funsolo laphatikizanso kufuna kufa ndi kudzivulaza, pamene achinyamata ena amadzicheka kuti ululu wa mumtima uchepe, osati kuti afe. Choopsa china ndi kuphatikiza mapointi. Mwana akhoza kupeza 7 pa 27, n'kuoneka ngati vuto lake ndi laling'ono, koma mapointi awiri mwa amenewo achokera pa funso lomaliza. Namwino amene panja pali mzere wofika ku mtengo wa mango amayang'ana nambala ya pansiyo n'kuitana wotsatira.

Funsolo si lachabe, tisapitirire muyeso. Gregory Simon ndi anzake anatsatira odwala oposa 84,000 ku America, a zaka 13 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2013 anaulutsa kuti mwa amene anayankha kuti maganizowo amawabwerera pafupifupi tsiku lililonse, 4 pa 100 anayesa kudzipha chaka chisanathe, pamene mwa oyankha kuti ayi anali 0.4 pa 100. Kusiyana kwake ndi ka 10, si masewera. Koma werenganinso manambala omwewo. Mwa anthu 100 amene fomu inawaika pamwamba penipeni, 96 sanayese. Ndipo popeza oyankha kuti ayi ndiwo khamu lalikulu, 0.4 ya khamulo ndi anthu ambiri ndithu, onse olembedwa kuti ali bwino. Fomuyo imanena zoona za gulu, koma za mwana mmodzi amene wakhala patsogolo panu imadziwa zochepa.

Zimenezi si za PHQ-9 yokha. Joseph Franklin ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 365 wa zaka 50, ndipo mu 2017 anapeza kuti luso la akatswiri lolosera amene adzadziphe limangoposa pang'ono kuchita maere, ndipo silinapite patsogolo m'zaka zonsezo. Akatswiri a ku University of New South Wales ku Australia anapeza mu 2019 kuti pafupifupi anthu 6 mwa 10 aliwonse amene anadzadzipha anali atakana maganizowo pamene dokotala anawafunsa. N'chifukwa chake bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, linanena mosabisa mu 2022 kuti mafomu asagwiritsidwe ntchito polosera kudzipha, ndiponso kuti kugawa odwala kuti uyu ali pa chiopsezo chochepa, uyu chapakati, uyu chachikulu, kusakhale maziko osankhira woti athandizidwe kapena kutulutsidwa m'chipatala. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo pa nkhani iyi sayansi yavomereza monyinyirika.

Mwana amakaniranji? Kuno kwathu zifukwa sizisowa. Nthawi zambiri amafunsidwa amayi ake kapena azakhali ake atakhala pambali, chitseko chili pululu, wodwala wotsatira atasuzumira kale. Ngati chikumuvutitsa ndi mimba, kulephera mayeso a fomu 4, kapena amalume omwe amamulipirira fizi ndiwo akumugwiririra, pamaso pa akuluakuluwo sanganene. Amaopa kutchedwa wamisala n'kutumizidwa ku Zomba. Amaopa abusa, chifukwa wamvapo mmene maliro a munthu wodzipha amayendera m'mipingo ina. Palinso nkhani ya lamulo: chigawo 229 cha Penal Code, malamulo amene tinalandira kwa atsamunda, chinaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo anthu aonapo wopulumuka akutengedwa ndi apolisi n'kukaimikidwa pamaso pa majisitireti. Dziko la Ghana linachotsa lamulo lotere mu 2023, ndipo khoti lalikulu la ku Kenya linagamula mu Januwale 2025 kuti lawo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mwana wa zaka 16 nambala ya chigawo saidziwa, koma anamvapo kuti za zimenezi amamanga. Kumufunsa pagulu ngati akuganiza zochita chinthu chimene iye akuchiona ngati tchimo komanso mlandu, kenako n'kulemba 0 mokhutira, n'kudzinamiza tokha. Anyamata ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti odzipha ambiri m'Malawi ndi amuna, ndipo mwana wamwamuna wakula akuuzidwa kuti mwamuna salira.

Ena sanama n'komwe. Pa nthawi imene akufunsidwayo maganizowo kulibedi. Evan Kleiman ndi anzake a ku Harvard ankafunsa anthu kangapo pa tsiku kudzera pa foni, ndipo mu 2017 anapeza kuti maganizo ofuna kudzipha amakwera ndi kutsika kwambiri m'maola ochepa chabe. Amenewo anali akuluakulu. Wachinyamata, amene mtima wake ungatembenuke ndi uthenga umodzi wa pa WhatsApp, sangakhale wokhazikika kuposa iwo. Amene wayankha moona mtima kuti ali bwino 10 koloko m'mawa akhoza kukhala munthu wina usiku atakangana ndi bambo ake.

Apa ndi pamene kuyeza kumaonetsa phindu lake lenileni. Mayi aliyense wopita ku sikelo amadziwa kuti kulemera kwa mwana kwa tsiku limodzi sikunena zambiri. Alangizi a zaumoyo amayang'ana mzere wa pa khadi, ngati ukukwera kapena ukutsika. Mafunso omwewo, ofunsidwa mofanana ulendo uliwonse, amaonetsa ngati mwana amene mwezi watha ankangolakalaka kufa tsopano wayamba kuganizira njira, kapena ngati maganizo amene ankabwera tsiku ndi tsiku tsopano akubwera kamodzi pa sabata. Amathandizanso namwino amene walowa m'malo mwa mnzake kudziwa poyambira. Ndipo mwana akayamba fluoxetine, mankhwala amene ali ndi umboni wabwino kuposa ena pa achinyamata, masabata oyambirira ndi amene amafuna kufunsa pafupipafupi. Kumupatsa mapiritsi a miyezi iwiri n'kumuuza kuti adzabwere akatha n'kusiya mwanayo yekha pa nthawi imene chenjezo la FDA limanena.

Pali mtsutso wina wamphamvu kuposa wa mantha a makolo uja, ndipo sindingaunyalanyaze. Amati: mukufunsiranji pamene mulibe chothandizira? Dziko lonse tili ndi chipatala chachikulu chimodzi cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba, kuphatikizapo Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi madokotala a ukadaulo umenewu owerengeka. Ngakhale ku America sagwirizana. Mu 2022 gulu la akatswiri la USPSTF linavomereza kuyeza matenda ovutika maganizo mwa ana onse a zaka 12 mpaka 18, koma linati umboni sunakwane wonena kuti kufunsa mwana aliyense za kudzipha kumapulumutsa miyoyo, pamene bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics chaka chomwecho linalimbikitsa kufunsa onse kuyambira zaka 12. Pa nkhani yogawa mafomu m'kalasi kwa ana onse, ine ndili kumbali ya osamala. Sukulu imene ilibe phungu, imene mapepala angathere pa tebulo la ahedi n'kumveka pa asembule, isayerekeze.

Koma mwana amene tadziwa kale kuti ali ndi matenda ovutika maganizo ndi nkhani ina. Malangizo a WHO otchedwa mhGAP, amene analembedwera mayiko osowa akatswiri ngati lathu, amati munthu aliyense woposa zaka 10 amene ali ndi matendawa azifunsidwa za maganizo odzivulaza a mwezi wapitawo ndi zimene anachita chaka chapitacho. Ndipo chochita chilipo ngakhale Zomba ili kutali. Barbara Stanley ndi Gregory Brown anakonza njira yolembera dongosolo la chitetezo pa pepala limodzi, wodwala ndi wachipatala pamodzi: zizindikiro zoti zinthu zayamba kuipa, zimene angachite yekha kuti mtima utsike, anthu ndi malo omuchotsa maganizo, amene angawauze zoona, nambala zoimba, ndi kuchotsa pafupi zinthu zoopsa. Mu kafukufuku wa 2018 pa asilikali opuma ku America, pepala limeneli pamodzi ndi kuwaimbira foni pambuyo pake linachepetsa zochita zofuna kudzipha ndi 45 pa 100 m'miyezi 6. Amenewo si ana a ku Ntcheu, n'zoona, koma palibe sitepe m'dongosolomo imene ikufuna makina kapena ndalama zambiri.

Sitepe yomalizayo ndi imene ikutikhudza kwambiri ife alimi. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri ophera tizilombo m'munda, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo akatswiri amayerekeza kuti miyoyo 93,000 inapulumuka. Mavuto a anthu sanathe ayi. Kungoti pa ola loipalo chinthu chakupha sichinali pafupi, ndipo ola linadutsa. Namwino amene wauza kholo kuti likatsekere mankhwala a m'munda ndi mapiritsi onse a m'nyumba wachita chinthu chachikulu kuposa amene waphatikiza mapointi molondola. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pa benchi ya pa chipatala, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti inachepetsa kwambiri kuvutika maganizo. Njirayi inayesedwaponso m'makiliniki a ku Lilongwe. Mwana amene alibe womuuza akhoza kuimba pa 116, nambala yaulere yothandiza ana imene imayendetsedwa ndi YONECO.

Ofufuza athu nawonso ali ndi ngongole. Fomu imene yayesedwa pa akuluakulu odwala shuga sitinganene kuti yayesedwa pa mtsikana wa fomu 2. Ku America, Laura Richardson ndi anzake atayesa PHQ-9 pa achinyamata mu 2010 anapeza kuti malire oyenera osonyeza kuti munthu mwina ali ndi matendawa ndi mapointi 11, osati 10 wa akuluakulu. Mafunso afupiafupi ofufuza za kudzipha ngati a fomu yotchedwa ASQ, amene ndi anayi okha ndipo anakonzedwera ana mu 2012, akufunika kuyesedwa m'zinenero zathu, pa ana a kumudzi ndi a m'tauni, a pasukulu ndi osiya sukulu. Kafukufuku wambiri wa mankhwala ndi uphungu amachotsanso dala achinyamata amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha, poopa milandu, mwakuti umboni umachepa pa ana omwe akuufuna kwambiri.

Ku Unduna wa Zaumoyo ndikupempha zinthu zosadula. Malangizo anene momveka kuti yankho lililonse loposa 0 pa funso la nambala 9 litsatidwe ndi mafunso ena tsiku lomwelo, mapointi onse akhale ochepa kapena ambiri. Anenenso kuti wachinyamata azifunsidwa ali yekha kwa mphindi zingapo, kholo litapemphedwa mwaulemu kudikira panja, ndipo auzidwe asanayankhe kuti chinsinsi chake chisungidwa kupatula ngati moyo wake uli pangozi. Funso lizibwerezedwa ulendo uliwonse, ngakhale kwa amene anakana ulendo watha. Ndipo pakhale poti mayankhowa azilembedwa pa chipatala pomwepo, chifukwa kabuku ka kuchipatala kamapita kunyumba, kumene amakawerenga aliyense amene wakapeza pa tebulo. Mwana akadziwa kuti zimene wanena zikawerengedwa ndi bambo ake madzulo, ulendo wotsatira adzayankha kuti ayi.